Getsi Lofiira

Ine ndine uja wa kuseri kwa galasi,
wa mahedifoni othothoka chikopa,
amene chala chake chimafika pa batani
mawu atakwera kale minibasi ya ku Matero.
Getsi lofiira likangoyaka
lilime limatsala lokha pabwalo.

Esinati ankawerenga ngati akusenda nthochi.
Lachiwiri lina, pa nkhani za m'mawa,
anauza dziko ndi ulemu wonse
kuti alimi ayamba kulandira mbewa,
matumba awiri pa banja.
Mbewu, Esinati, mbewu!
Ndinamenya galasi ndi chikhatho,
iye nandimwetulira, napitiriza:
"Mbewa zake ndi zopirira chilala."
Foni sinapume mpaka masana.
Mkulu wina wa ku Chongwe anafunsa modekha
ngati zikubwera zowamba kale
kapena mchere ndi wathu.

Gelesomu yekha anachimwiridwa ndi pepala.
"A khansala lero atsegula m'mimba..."
Masamba anamatirana.
Ananyambita chala, nafunafuna,
masekondi anayi, ndinawawerenga,
Lusaka yense atagwira mpweya,
kenaka anaipeza nkhani ija:
"...mwa msika chimbudzi chatsopano."
Ku Kamwala telala anadzibaya ndi singano.
A khansala anatumiza kalata ya masamba atatu,
abwana anaiwerenga atatseka chitseko
koma tinkamva mpando wawo ukugwedezeka.

Gelesomu yemweyo, nyimbo ili mkati,
anandiweramira: "Ndibwerekeko fifite kwacha,
kunyumba mlomo wa madamu wafika pa geti."
Maikolofoni inali yotsegula.
Ndinaisiya ndine.
Madzulo mlonda anatipatsa envulopu
yochokera kwa mayi wogulitsa makala ku Chawama:
fifite kwacha yakuda ndi zala,
ndi kapepala koti, "Kagulireni madamu kapenta."

Langa nalo lilipo, ndisabise.
Uthenga wa maliro a ku Kalingalinga,
wowerenga anati malemu akupempha abale afike msanga,
ine pofuna kumubisa manyazi
ndinathamangira nyimbo yachisoni,
chala nʼkuterereka,
kalindula nʼkuphulika m'nyumba zonse,
ng'oma zija zoduka nazo chiuno.
Ndinapita kukapepesa kusiwa, chipewa m'manja.
Mkazi wamasiye anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Ndinu munaika ija?
Bambowa akanadzuka. Ankaivina mpaka nsapato kuvuka."
Anaseka, kenaka analira,
ndipo sindinadziwe pamene china chinathera.

Masiku ano zambiri timajambuliratu.
Ndimakhala ndi kompyuta, kudula chifuwa,
kudula chibwibwi, kudula mpweya,
mpaka munthu amveke ngati sanabadwe kwa mkazi.
Zodulazo sinditaya.
Zili m'kafoda kopanda dzina,
ndipo magetsi akathima ku Kabwata
ndimazimvera pa batire lotsala,
ndekha, ngati wakuba shuga.

Esinati anapuma ntchito chaka chatha.
Zaka makumi awiri ndi zitatu
anawerenga bajeti, zisankho, kolera, mitengo ya feteleza,
mayina a alendo opotokola nsagwada,
osaphonya ndi chilembo chimodzi.
Funsani aliyense pa Cairo Road
akuuzeni nkhani imodzi mwa zimenezo.

Dzulo ndinakwera naye basi ya ku Chilenje.
Anangoti, "Nditsika pa chipatala,"
kondakitala nʼkutembenuka, maso gwa,
mnyamata amene tsiku lija anali kumbuyo kwa amake.
"Mawu awa! Si inu Amayi a Mbewa?"
Basi yonse inatembenuka.
Esinati anakonza duku, nayang'ana pawindo,
ndinaona phewa lake likunjenjemera.
Anatambasula dzanja ndi ndalama,
mnyamatayo anakana.
"Agogo anga amadikirabe matumba awo awiri," anatero,
namenya denga kuti dalaivala aime.